Za Kuyamika Pamene Mnzathu Watiposa

Nyengo ya masika yafika, ndipo nkhokwe za m'midzi yathu zirikudzala. Koma sizidzala mofanana. Mvula imene inagwa tsidya lija la mtsinje inalambalala tsidya lino. Wina anali nayo ndalama ya feteleza, wina analibe. Wina mwana wace ali ku Joni natumiza malata a nyumba, wina mwana wace ali gone pamphasa cidwalire. Tsono tifunsane: kodi munthu wokolola madengu atatu angathe kuyamika Mulungu ndi mtima woona, pakuona ngolo ya mnansi wace irikupita ndi kubwera?

Tikumbuke fanizo la Ambuye pa Mateyu 20. Mwini munda analemba anchito mbanda kuca, napangana nao malipiro a tsiku limodzi. Analembanso ena dzuwa litakwera, ena usana, ndi ena litatsala ora limodzi lokha. Madzulo onse analandira cimodzimodzi. Taonani cinthu ici: oyamba aja anabvomera malipirowo m'mawa osawiringula, ndipo madzulo ndalama inali yomweyo, yosacepa konse. Cimene cinasandulika ndico maso ao. Asanapenye m'dzanja la mnzao anali anthu olipidwa. Atapenyamo anadziyesa anthu olandidwa. Nthenda imeneyi tiidziwa ife tonse, akulu a mpingo ndi a m'kalasi omwe.

Ena amati mankhwala ace ndiwo kuyang'ana osauka koposa ife. Ati, usalire nsapato, taona uje alibe ndi cofunda comwe. Ife sitibvomerezana nao. Wocita cotero ali ciwerengere za mwini, wangotembenuza khosi. Mfarisi uja wa pa Luka 18 anayamikadi Mulungu m'Kacisi, koma ciyamiko cace cinaponda pamsana pa wamsonkho, ndipo amene anabwerera kwao woyesedwa wolungama ndiye wamsonkhoyo. Ndiponso, munthu wotsiriza m'mudzi, amene palibe wina womcepera, iyeyo adzayang'ana yani?

Sitinena kuti njala si njala ai. Makolo athu anatisimbira za njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tinaiona ndi maso ya 2002, pamene anthu anadya madeya ndi zitsa za nthoci. Munthu wogona ndi njala sitimlamulira kuti aseke. Asafu, woyimba wa m'nyumba ya Mulungu, aulula pa Salmo 73 kuti anatsala pang'ono kugwa, cifukwa anaona oipa alikunenepa, iye alikusautsidwa tsiku ndi tsiku. Mulungu sanafafanize mau amenewo m'Buku lace. Koma Asafu anapita nalo dandaulo lace kwa Mulungu mwini, m'malo opatulika, osati kuseri kwa nkhokwe ya mnzace. Kumeneko sanapatsidwe ng'ombe kapena munda. Anangozindikira kuti masiku onse aja anali kuwerenga za ena, Mulungu anali cigwirire dzanja lace, iye osadziwa. Ciyamiko cace cinaphuka pamenepo, cuma cace cisanaonjezeke ndi kamodzi komwe.

Kaduka akalowa mumtima sakhala cete, ndipo apa ndi pamene tiopa kwambiri. Ayamba ndi manong'onong'o a pacitsime: "Cimanga conseco ncace? Anakhwima ameneyo, anakoka ca m'minda yathu." Motero Mkristu amene analawirira kumunda, napalira pa nthawi yace, ayamba kunenedwa mfiti ndi anzace omwe adya nao Mgonero. Mau otere akaturuka sabwerera. Atsata ana ndi adzukulu, ndipo taona mabanja alikusamuka m'mudzi usiku cifukwa ca iwo. Kaini sanayambe ndi kupha. Anayamba ndi kugwetsa nkhope poona nsembe ya mbale wace yalandiridwa, ndipo Mulungu anamcenjeza pomwepo, mwazi usanakhetsedwe.

Tsono tsiku lopereka za masika lirikudza. Tidziwa kuti alipo ena amene adzakhala kunyumba tsikulo, si cifukwa ca kudwala, koma manyazi a licero limodzi pakati pa matumba a anzao. Inu amai, inu bambo, idzani nalo licerolo. Amene anakhala pansi kupenya mkazi wamasiye alikuponya tindalama tace tiwiri sanaleke kupenya. Ndipo poliika pansi, chulani mumtima mwanu zimene munalandira caka cino, cimodzi cimodzi, monga mwana acita kwa atate wace: mbeu imene inamera, mwana amene anacira malungo, mnansi amene anakubwerekani khasu.

Kwa inu a ngolo zodzala tiri naonso mau. Paulo polembera Akorinto za copereka ca osauka a ku Yerusalemu anawakumbutsa za mana a m'cipululu, kuti pakuyesa ndi muyeso onse anakwanira. Nkhokwe yanu yaciwiri mwina ndiyo yankho la pemphero la wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanu. Ndipo tipempha akulu a mpingo kuti caka cino aleke kulengeza ndi mau okweza kuti uje wapereka matumba angati. Mlembi alembe m'buku mwace, cimanga cithiridwe pamulu umodzi, ndipo aone msanga nyumba zimene dzinja lidzazipeza zopanda kanthu.