Mtengo wa Callot ndi Chitsa cha Goya

Mu 1633, nkhondo ya zaka 30 ili mkati ku Ulaya, Jacques Callot wa ku Nancy anatulutsa zithunzi 18 zoonetsa masautso a nkhondo. Ankakanda chithunzi pachitsulo cha kopa chomatidwa phula, asidi n'kudya mokandidwamo, kenako n'kudinda papepala. Chotchuka kwambiri ndi cha mtengo waukulu, anthu atalendewera m'nthambi zake ngati zipatso. Opachikidwawo ndi asilikali ogwidwa akubera anthu wamba. Wansembe ali pamakwerero mtanda uli m'manja, asilikali ena aima mozungulira kuonerera, ndipo patsinde pa mtengowo ena akuponya madayisi pang'oma.

Francisco Goya anayamba zake mu 1810, asilikali a Napoleon atalowa m'dziko la Spain. Mitengo yake ndi yothyokathyoka, ina zitsa zokhazokha, ndipo pamenepo pakolekedwa mitembo yoduladula. Palibe woweruza, palibe amene akufotokoza mlandu wa ophedwawo. M'zithunzi zina ngakhale owombera saoneka; m'mphepete mwa pepala mwangotulukira milomo ya mfuti. Zithunzizi zinadzasindikizidwa mu 1863, patatha zaka 35 mwini wake atamwalira.

Ambiri amati Goya ndiye woopsa, ndipo n'zoona kuti maso sakhalitsa pa zithunzi zake. Koma ine chimene chimandisowetsa mtendere ndi mtengo wa Callot. Uli ndi masamba, wakula bwino, ukupereka mthunzi. Zonse zikuyenda mwadongosolo: mlandu wazengedwa, pemphero lanenedwa, chingwe chamangidwa. Callot watiimika patali, pomwe nkhope ya munthu sioneka, ndipo tikaima pamenepo imfa imaoneka ngati ntchito imene yagwiridwa bwino. Ndimadzapeza ndikusirira luso la mizere yake ndisanakumbukire kuti aliyense wolendewerayo anali ndi dzina, anali ndi kwawo.

Chitsa cha Goya chimanena poyera kuti pano zinthu zaonongeka, ndipo mtima umakana msanga. Mtengo wamasambawo sunena choncho. Nkhanza zochitidwa mwaukali timazizindikira tonse. Zochitidwa mwalamulo, pa nthawi yake, akuluakulu atavomereza, ndi zimene anthu abwinobwino amatha kuziona n'kubwerera kwawo kukadya chakudya chamadzulo. Ndikuganiza kuti nkhondo zimatalika chifukwa cha anthu oterewa, ndipo sindingalumbire kuti ine sindikanaima nawo pagulu la oonererawo.