Mtsogoleri Wogawa Katundu Wake

Akristu okondedwa, makamaka inu akatekisti a m'maparishi a ku Phalombe,

M'buku la Eksodo, mutu 18, timawerenga za tsiku limene Yetero, mpongozi wa Mose, adabwera kudzamuona m'chipululu. Adampeza ali kuweruza milandu ya Aisraele yekhayekha, khamu la anthu lili chilili tsiku lathunthu kudikira kuti awamve. Mose sadali waulesi, ndiponso sadali wodzikuza. Komabe mkulu uja adamdzudzula, namchenjeza kuti potero adzadzilefula yekha ndi kulefulanso anthu ake. Adamlangiza kuti asankhe anthu oopa Mulungu ndi odana ndi ziphuphu, awaike kuyang'anira magulu a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10. Mose adamvera. Taonani, mneneri amene adalankhula ndi Mulungu pa chitsamba choyaka moto sadachite manyazi kuphunzira kwa apongozi ake.

M'dziko lathu lino mudali mtsogoleri amene adatsata malangizo a Yetero, ngakhale adamdzetsera masautso. Ndikunena Ambuye Patrick Kalilombe, amene adabadwira ku Mua, m'boma la Dedza, m'chaka cha 1933. Adalowa chipani cha ansembe a White Fathers, nadzozedwa unsembe m'chaka cha 1958. Adakaphunzira Malembo Oyera ku Roma, ndipo atabwerako adaphunzitsa ku seminale yaikulu ya Kachebere, mpaka adakhala mkulu wa seminaleyo. M'chaka cha 1972, asanakwanitse zaka 40, Papa Paulo VI adawasankha kukhala Episkopi wa Lilongwe m'malo mwa Ambuye Joseph Fady.

Pamaso pa anthu, ulendo udathera pamenepo: mwana wa kumudzi wafika pa mpando waukulu. Koma iwo adadzifunsa funso limene ambiri olandira udindo sadzifunsa, lakuti mpandowu ndaupatsidwa kuti ndichite nao chiyani. Adaona kuti ansembe ndi ochepa ndipo ambiri ndi ochokera kunja, kuti ndalama zoyendetsera misioni zichokera ku Ulaya, ndi kuti Akristu ambiri ayesa Eklezia ndi munda wa Abambo, m'mene iwo angobwera kudzaonerera. Tsono Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udali utaphunzitsa kale kuti Eklezia ndiye mtundu wa anthu a Mulungu, ndi kuti wobatizidwa aliyense ali ndi gawo lake pa ntchito yake.

Motero m'chaka cha 1973 adalembera Akristu ao kalata, naitanitsa sinodi yaing'ono ya dayosizi, imene idatha m'chaka cha 1975. Sinodiyo siidali ya ansembe okha ai. Mafunso ake adafika m'midzi, ndipo amai, abambo ndi achinyamata adakambirana nanena maganizo ao. Mau amene adamveka ponseponse ndi akuti Mpingo Ndife Tonse, ndiye kuti mpingo udzitumikire wokha, udzithandize wokha pa chuma, ndiponso udzifalitse wokha. Maziko a zonsezi adali miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana, topemphera pamodzi ndi kusamalana. Maepiskopi a maiko a kuvuma kwa Afrika, a m'bungwe la AMECEA, atasonkhana ku Nairobi m'chaka cha 1973 ndi cha 1976, adagwirizana kuti imeneyi ndiyo njira imene madayosizi ao onse atsate.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Masiku amenewo dziko lidali ndi chipani chimodzi, ndipo akuluakulu a boma adakayikira kuti timagulu tosonkhana m'midzi ndi ndale zobisika. M'chaka cha 1976 Ambuye Kalilombe adakakamizika kuchoka m'dziko, ndipo m'chaka cha 1979 adatula pansi udindo wao. Sadakhale pansi kulira mpando. Adakapitiriza maphunziro ku Berkeley, ku Amerika, naphunzitsa ku Selly Oak, mu mzinda wa Birmingham. Zinthu zitasintha adabwerera kwao, naphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, kumene adamwalirira m'chaka cha 2012. Dayosizi adaiyendetsa ndi manja ao zaka zinai zokha, koma chifukwa ntchitoyo adaiika m'manja mwa anthu ambiri, siidachoke nao pamene iwo adachoka.

Inu a ku Phalombe simusowa wokuuzani phindu la mphakati. Akuluakulu akumbukira napolo wa mu March 1991, amene adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope. Tonsefe tikumbukira namondwe Freddy wa mu March 2023, pamene misewu ndi milatho zidakokoloka, madera onga a Nkhulambe nakhala osafikirika. Pa masiku otero wansembe sangaoloke, ndipo galimoto la chithandizo lichedwa. Amene afukula mnzake m'matope, kumpatsa pogona, kumgawira ufa ndi kutsogolera mapemphero a maliro ndi mnansi wake. Kumene anansi adazolowera kale kusenzerana katundu, tsoka liwapeza ali gulu.

Tsono tidziyese tokha, ndipo ndiyambe ndi ine ndemwe. Nditangodzozedwa kumene, ndidatumidwa ku parishi ina kumene ndinkafuna kuchita zonse ndekha: mabuku a ubatizo, ndalama, kwaya, ngakhale kuyala maluwa pa guwa. Ndinkayesa kuti chimenecho ndicho changu. Tsiku lina ndidagwa ndi malungo, ndipo kwa masabata awiri zambiri zidaima, pakuti panalibe wina wodziwa kumene zinthu zili. Pamenepo ndidazindikira kuti m'changu changa mudabisala kusakhulupirira anzanga.

Kodi matenda omwewa mulibe m'matchalitchi athu a kumidzi? Alipo katekisti amene asunga makiyi, buku la maina ndi thumba la zopereka m'nyumba mwake, nawerenga yekha, nalalika yekha, nayimbitsa yekha. Akapita kukagulitsa nandolo ku Migowi, tchalitchi likhala lotseka. Alipo wapampando wa mphakati amene wakhalapo zaka 15, nayesa mdani aliyense wonena za chisankho. Ilipo miphakati imene isonkhana pokhapokha pakafunika ndalama za masika, kotero kuti wosauka aopa kubwera. Abale anga, Ambuye Kalilombe sadasautsidwe chifukwa cha miphakati yotere.

Nazi zinthu zitatu zimene ndikupemphani. Choyamba, katekisti aliyense asankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, awaphunzitse kutsogolera mapemphero a Lamulungu ndi a maliro, ndipo awalole kutsogolera iye ali pomwepo, awaongolere mseri akalakwa. Chachiwiri, ndalama za mpingo aziwerenge anthu atatu, ndipo zilengezedwe pamaso pa onse mwezi ndi mwezi. Chachitatu, msonkhano wa mphakati uyambe ndi Mau a Mulungu ndi kufunsana za odwala, amasiye ndi amene adasiya masakramenti. Za ndalama zibwere pambuyo.

Wina adzati, ndikaphunzitsa ena, kodi sadzandilanda malo? Kapena adzatero. Koma kumbukirani kuti Ambuye athu Yesu Kristu adaphunzitsa poyera zaka zitatu zokha, nasiya ntchito yao m'manja mwa asodzi amene adawathawa usiku wa masautso ao. Ngati Mwana wa Mulungu adakhulupirira anthu ofooka otero, ife ndife yani kuti tikanize anzathu makiyi a tchalitchi? Pa tsiku la chiweruzo sadzatifunsa zaka zimene tidakhala pa mpando. Adzatifunsa za anthu amene tidawalera kuti agwire ntchito ya Mulungu ife titachoka.

Mzimu Woyera atipatse mtima wa Mose womvera malangizo, ndipo Amai Maria atipempherere. Amen.