Ulusi wogwirizira

Patani iliyonse yolukira yomwe ndaipeza pa intaneti imayamba ndi dzina la ulusi womwe kuno sugulitsidwa. Wolemba wake amakuuzani kampani, mtundu wa nkhosa ndi nambala ya utoto, kenako nkupitiriza ngati sitoloyo ili kuseri kwa nyumba yanu. Ife akuno timangodumpha mzere umenewo nkupita kwa amwenye ku Limbe, kapena pa kaunjika kukasaka juzi yakale yoti timasule. Chomwe chakhala chikundizunguza masiku ano nchakuti tikadumpha mzerewo, kodi chomwe tilukecho chikadali chomwe chija chinalembedwa, ndipo munthu wodzachivalayo tili naye ngongole yanji.

Ndikufuna kulukira bambo anga juzi yopanda mikono, ija yovala pamwamba pa shati popita ku tchalitchi, June asanafike ndi chisanu chake cha ku Dedza. Patani yake ndi ya kalukidwe ka Fair Isle, dzina la kachilumba ka ku Scotland komwe kali pakati pa Orkney ndi Shetland. Pa mzere uliwonse mumayendetsa maulusi a mitundu iwiri, wina ukuoneka kutsogolo, wina ukudutsa kumbuyo. Kalukidweka kanatchuka mu 1921 pamene Prince of Wales, yemwe anadzakhala Mfumu Edward VIII, anayamba kuoneka pagulu atavala juzi zoterezi. Patani ikufuna ubweya wa nkhosa za ku Shetland. Ine ndili ndi akiliki, ulusi wopangidwa kufakitale kuchokera ku mafuta apansi, wachibale wa pulasitiki. Kampani ya DuPont inayamba kuugulitsa cha m'ma 1950 pa dzina loti Orlon, ndipo lero ambirife tikati "wulu" timanena umenewu, ngakhale sunayandikireko nkhosa.

Mnzanga wina yemwe tinali naye ku koleji anangoti, "Aise, juzi ndi juzi. Bola ikufunditsa." Ndimamumvetsa. Tinakulira m'nyumba zomwe kugwirizira ndi luso lolemekezeka. Mafuta ophikira akatha, amayi amathira nsinjiro, ndipo palibe amadandaula kuti ndiwo zaonongeka. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Munthu wodikira ubweya wa ku Shetland adzafika Ogasiti asanaluke mzere umodzi, abambo ake atazizidwa kale.

Koma mawu oti juzi ndi juzi akubisa kanthu. Tili m'kalasi ya filosofi tinkakonda nkhani ya Plutarch ya chombo cha Theseus, chomwe anthu a ku Athens ankachisunga pochotsa matabwa owola nkuikamo atsopano, mpaka anzeru anayamba kukangana ngati chikadali chombo chomwe chija. Nkhani yokoma, koma vuto langa silili pamenepo, pakuti ine matabwa anga onse ndi achilendo kuyambira tsiku loyamba. Yemwe wandithandiza ndi Aristotle. Iye ankasiyanitsa maonekedwe a chinthu ndi chomwe chapangidwira, ndipo ankavomereza kuti zinthu zina mutha kuzipanga ndi zipangizo zosiyanasiyana. Koma anati pali malire, ndipo chitsanzo chake chinandiseketsa nditachikumbukira singano zili m'manja. Ngakhale mmisiri wodziwa bwanji sangapange sowo ndi ubweya. Chipangizo chili ndi khalidwe lake, sichimangomvera chilichonse chomwe mwachiuza.

Khalidwe limeneli mumaliona mukaluka kachidutswa koyesera. Patani yanga ikuti masitichi 28 azikwana masentimita 10, ndipo thupi lonse lili ndi masitichi 280, kutanthauza masentimita 100 kuzungulira chifuwa. Ulusi wanga ndi wonenepako pang'ono, wandipatsa masitichi 26. Masitichi awiri okha, munthu nkuti zachabe. Koma nditatsatira patani mokhulupirika, liwu ndi liwu, juziyo ituluka pafupifupi masentimita 108, thumba lenileni pa thupi la bambo. Kuti ndipeze 100 ndiyenera kuyamba ndi masitichi 260. Apanso pali msampha, chifukwa chithunzi cha patani chimabwereza pa masitichi 14 aliwonse, ndipo 260 sagawika ndi 14. Ndisankhe 252, omwe ndi masentimita 97, kapena 266, omwe ndi 102.

Apa ndi pomwe ndaona kuti kukhulupirika kuli mitundu iwiri, ndipo ukasintha ulusi iwiriyi imasiyana njira. Ukamvera manambala a wolemba, uphonya chomwe iye ankafuna, chovala chokhala bwino pathupi. Ukafuna chomwe iye ankafuna, uyenera kuphwanya manambala ake. Ndipo kuyambira pamenepo sungathenso kubisala kumbuyo kwake. Munthu amene wagula ulusi wotchulidwa, juzi ikalakwika angathe kuloza chala wolemba patani. Wogwirizira alibe woloza. Ndikuganiza kuti ichi nchifukwa chake ambiri safuna kuluka kachidutswa koyesera kaja. Amati kamadya nthawi ndi ulusi, koma zoona zake nzakuti kamakuuza kuti udindo tsopano ndi wako, usanakonzeke kumva.

Pali malo ena pomwe ulusi umakaniratu. Juzi za Fair Isle zimalukidwa mozungulira ngati chubu, popanda mabowo a mikono. Mukamaliza mumatenga sizasi nkudula pomwe mikono ndi khosi zitulukire. Kudula chinthu chomwe mwaluka miyezi iwiri! Izi zimatheka chifukwa ubweya wa ku Shetland uli ndi timamba tating'ono tomwe timakolana, ndiye pomwe mwadulapo sipamasuka. Akiliki ndi woterera. Mukadula musanasokerere m'mbali ndi makina, ntchito yonse iyamba kusololoka muli kuyang'ana. Iyi ndiye sowo ya Aristotle ija. Patani sinena zimenezi, chifukwa wolemba sanalote kuti wina adzaiyesa ndi ulusi wa mtundu wina ku Blantyre.

Komabe sindikuvomereza kuti ulusi wanga ndi wotsika basi, ngati mmene ena olukira kunja amaunyozera. Patani ija inalembedwera nyumba zomwe juzi imachapidwa m'madzi ozizira, mosisita pang'ono, nkuyanikidwa chogoneka. Kwathu zovala zimaviikidwa m'sopo, kufikisidwa, nthawi zina kumenyedwa pamwala, kenako pachingwe padzuwa. Ubweya weniweni ukakumana ndi madzi otentha ndi kufikisa kotero umakwinyika nkuumbika, juzi ya abambo nkusanduka ya mwana wa sitandade 2. Njenjete nazo zimadya ubweya, akiliki sizimuyang'ana nkomwe. Pa bwalo la ku Dedza, chogwiriziracho chikhoza kukhalitsa kuposa chenichenicho. (Ndikamaganiza izi ndimakumbukira anzanga omwe anaphunzira za malo ndi chilengedwe koma akuphunzitsa masamu, ena akugulitsa mayunitsi. Amatchedwa ogwirizira, koma sindinaonepo aliyense akuwayesa kaye kuti adziwe chomwe angathe ndi chomwe sangathe. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Chomwe sindingachilambalale ndi moto. Ubweya sugwira moto msanga. Mukayatsa kachidutswa kamanunkha ngati tsitsi lowauka, kenako nkuzima kokha. Akiliki amayaka ndi kusungunuka, ndipo chosungunukacho chimamatirira pakhungu. Bambo anga m'nyengo yozizira amakhala chowerama pa mbaula madzulo aliwonse, manja ali pamakala. Ngakhale simbi yotentha yokha imapha ulusiwu, umaphwathalala osabwereranso. Ndiye funso loti ndiwauze kapena ayi kuti iyi si wulu weniweni, lomwe poyamba linkaoneka ngati la ulemu chabe, likukhudza khungu lawo.

Apa ndipo pomwe ndimasiyanitsira chogwirizira ndi chachinyengo. Zonse ziwiri zimakhala pamalo a chinthu china. Chachinyengo chimafuna kuti muchitenge ngati chija, muchichape ndi kuchidalira ngati chija. Chogwirizira chimabwera ndi dzina lake, kuti muchisamale monga mmene chiliri. Mayi wothira nsinjiro uja sanena kuti wathira mafuta. Vuto nlakuti chilankhulo chathu chatinamizira kale, popeza ndikati "wulu" bambo amva chinthu chofunda cha nkhosa, ine ndikudziwa kuti ndi pulasitiki, ndipo palibe amene wanama. Ndikhoza kungokhala chete nkuwasiya anyadire. Amanyadira zinthu zenizeni bambo anga, nsapato zachikopa, wotchi yokokera. Kuwauza kuchotsako kena kake pa mphatsoyo, ndikudziwa. Koma ndikawauza, ndipo ndikauzanso amayi, omwe ndi amene azidzaichapa ndi kuisita.

Ndasankha masitichi 266, poti pansi pake pazikhala shati, ndipo bambo sakonda chovala chothina pamimba. Zodula ndi sizasi ndazisiya. Ndikafika m'khwapa ndigawa kutsogolo ndi kumbuyo, nkuluka chidutswa chilichonse pachokha mobwerezabwereza, ngakhale kuyendetsa mitundu iwiri ya ulusi cha kunkhongo kwa nsalu kumachedwetsa kwambiri. Ulusi wofiirira womwe patani inafuna sunapezeke, ndiye pamalo pake palowa wamtundu wa njerwa yootcha, mipira inayi yokhala ndi nambala imodzi ya utoto. Pano ndili pa mzere wachisanu ndi chiwiri wa mpendero.