Kodi Nkoyenera Mkristu Kulira Galu Wace?

Mwezi wathawu anafa galu wanga wokalamba, kwathu kufupi ndi Mzimba Boma. Zaka 11 analonda khola la ng'ombe, napirikitsa afisi usiku. Pamene mano ace anatha, maso nacita khungu, mnansi wanga anati, "Aphunzitsi, kamtayeni kuthengo; muonongeranji ufa pa cinthu cosagwiranso nchito?" Koma ine ndinamyalira thumba pafupi ndi moto, ndi kumpatsa phala masiku 9. Atafa ndinamkwirira patsinde pa msuku, ndipo ana anga analira.

Tsono ena afunsa, kodi si camanyazi kulira nyama pokhala amasiye ali ambiri m'mudzi? Funsoli nlolemera. Galu sali munthu. Sitimuimbira nyimbo za maliro, ndipo iye wakudyetsa galu namana mlendo walakwa ndithu.

Koma taonani, Miyambo 12:10 itiphunzitsa kuti munthu wolungama adziwika ndi kusunga bwino zoweta zace. Ndiponso Natani, pofuna kutsutsa Davide, anasimba za waumphawi amene analera kamwana ka nkhosa pamodzi ndi ana ace (2 Samueli 12). Mfumu inapsa mtima pakumva kuti kanaphedwa, pakuti inazindikira kuti cikondi cotere ncoona.

Cifukwa cace ndiyesa kuti cifundo sicicepa pocigawa. Mwana woona atate wace alikutaya galu wokalamba kuthengo aphunzira kuti wotha mphamvu atayidwa. Ndipo tsiku lina atate yemweyo adzakalamba, mano ace nadzatha.