Kodi Mulungu Akhala Pamene Nzeru Zathu Zalekeza?

Aliyense amene anakhalapo m'chigwa cha Luangwa nyengo ya dzinja, kaya kwa Kakumbi, kwa Jumbe kapena kwa Nsefu, adziwa kuti mvula ili ndi mwambo wake wa tsiku: m'mawa kumacha koyera, dzuwa likakwera nthaka imatentha ndi kukweza mpweya wachinyontho, ndipo pofika masana mitambo, imene panalibe ndi umodzi womwe pamene anthu anali kupita kumunda, imakhala itaunjikana kumapiri a Muchinga, mabingu ali kugunda.

Akatswiri a zanyengo ali ndi chida chotchedwa rada, chimene chinayamba kuona mvula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chimatumiza mafunde m'mlengalenga ndi kumvera obwerera atagunda madontho, ndipo poona kumene mvula ili ndi liwiro lake, amawerengera kumene idzakhala pakapita ola limodzi kapena awiri. Kuno kwathu zida zotere n'zosowa, kotero amadalira kwambiri zithunzi za makina a m'mlengalenga otchedwa Meteosat, koma njira yake ndi yomweyo. Tsono apa ndipo pagona nkhani: kulosera kumeneku kumayenda bwino pa mvula yaikulu imene yakhwima kale ndipo ili pa ulendo, monga imachitira kawirikawiri usiku, koma kumaphonya masana, pakuti rada siingaone dontho lisanabadwe, ndipo masana ndiyo nthawi imene mitambo imabadwa ndi kufa ola lisanathe. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Ndamva ena opembedza, anthu oona mtima ndithu, akukondwera ndi kuphonya kumeneku, nati Chauta wabisa masana kuti munthu asadzikuze. Ine sindigwirizana nawo. Ngati timuika Mulungu pokhapo pamene makina alephera, tidzatani tsiku limene ana athu adzakonza makina odziwa kulosera kubadwa kwa mtambo? Kodi tidzati Namalenga wasamutsidwa, wachoka masana wakabisala kwina? Chikhulupiriro chotere chimachepa chaka ndi chaka. Amene anaika dzuwa kuti litenthe nthaka ya ku Mfuwe ndi kukweza madzi pa nthawi yake ali m'mvula yoloseredwa bwino monganso ali m'mvula yodzidzimutsa, ndipo katswiri wolemba kuti kulosera kwake kumafooka masana wangowerenga mbali ina ya dongosolo lomwelo.

Pa phiri la Karimeli, Eliya anatuma mnyamata wake kasanu ndi kawiri kukayang'ana kunyanja, kufikira anaona kamtambo. Mneneri, ngakhale anali ndi lonjezo la mvula, sanapeputse maso a mnyamatayo. Anadikira mawu ake asanachenjeze mfumu Ahabu kuti afulumire. Ntchito ya Dipatimenti ya Zanyengo ndi ya mnyamata uja, ndipo si yonyozeka. Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lathu lonse pa 29 Febuluwale, chinatikumbutsa kuti nkhani ya mvula ndi nkhani ya nsima.

Choncho inu a ku Mambwe, mukamva chenjezo pa wailesi kapena pa lamya, limvereni. Koma likakhala chete dzuwa litapendeka, musati n'chilolezo chowolokera mtsinje wa Lupande. Kwezani maso muone kumtunda.