Ndiwo Zosalawa Sitizikana

Mu 2010, mphoto ya Oscar ya filimu yopambana inapita kwa The Hurt Locker, Avatar n'kubwerera cimanjamanja pa mphotoyo. Komatu Avatar inapanga madola oposa 2 biliyoni, pamene inzakeyo sinafike ngakhale pa 50 miliyoni. Ambiri amati apa m'poonekeratu kuti oweruza ndi anthu wamba sadyera mbale imodzi.

Ine ndimakayika. Ku America, Avatar inaonetsedwa m'nyumba za mafilimu zoposa 3,000, koma The Hurt Locker m'nyumba zosafika 600. Kodi munthu angakane ndiwo zimene sanalaweko? Ciwerengero ca matikiti cimangotiuza za amene anapeza khomo lotsegula.

Nafenso nkhaniyi ikutikhudza. Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka, analandira mphoto ya BAFTA mu 2018 ndi filimu ya I Am Not a Witch, yonena za kamtsikana konamiziridwa ufiti. Amayi a ku Katete amaidziwa nkhani yotere kuposa woweruza wa ku London. Kuwanenera kuti "iyi sangaikonde" asanaione n'kuwapeputsa. Aonetseni coyamba, aweruze okha.