Kuseka Wansembe Si Kuseka Mulungu

M'sewero loseketsa la Dad's Army, lomwe BBC inaonetsa pa wailesi yakanema kuyambira 1968 mpaka 1977, muli wansembe wina dzina lake Timothy Farthing. Ndi munthu wosachedwa kunyanyala, wokonda kukometsa kukhosi, amene sakhalira kukangana ndi Captain Mainwaring polimbirana ofesi ya m'holo ya tchalitchi. Anthu a ku Britain ankamuseka sabata ndi sabata. Chomwe ambiri sankadziwa n'chakuti Frank Williams, amene ankasewera ngati wansembeyo, anali Mkhristu wolimbikira wa mpingo wa Anglican, ndipo kuyambira 1985 mpaka 2000 anali membala wa Sinodi Yaikulu, bungwe lomwe limapanga malamulo a mpingowo ku England. Munthu yemwe ankaseketsa dziko lonse atavala kolala yoyera ndi yemwenso anadzakhala pansi ndi mabishopu kukambirana za chiphunzitso. Apa pali funso lomwe wokhulupirira aliyense ayenera kuliyankha: kodi munthu angaseke mtumiki wa Mulungu popanda kuchitira mwano Mulunguyo? Ine ndikuti angathe, ndipo kuseka kotere kumatchinjiriza chikhulupiriro ku matenda ake aakulu, omwe ndi kudzikweza.

Tiyambe ndi kufunsa chimene chimatiseketsa kwenikweni. Gawo loyamba la sewero la Mr Bean, lomwe linaonetsedwa pa 1 January 1990, limathera m'tchalitchi. Bean akulimbana ndi tulo pa nthawi ya ulaliki, akuyesa kudya switi mobisa, ndipo pa nyimbo akungong'ung'udza mpaka afike pa kolasi yomwe akuidziwa, n'kuikuwa mokweza kuposa aliyense. Mlaliki saoneka, timangomva mawu osamveka bwino, omwe ankalankhula ndi Rowan Atkinson, yemweyo amene amasewera ngati Bean. Tsono tichotse tchalitchicho, timuike Bean pa benchi ya pa depoti. Munthu wosinza pa depoti saseketsa aliyense. Nthabwala yonse yatsamira pa mfundo yakuti malowo ndi opatulika ndipo munthuyo akulephera kufikapo pa ulemu womwe malowo akufuna. Woseka amayamba wavomereza mumtima kuti pali chinthu chachikulu, kenako n'kuona kuchepa kwa munthu pamaso pa chinthucho. Chikusekedwa ndi mpata womwe uli pakati pa maitanidwe athu ndi thupi lathu lofooka, ndipo aliyense amene anagwapo m'tulo pa ulaliki wautali amadziona yekha mwa Bean.

Wina anena kuti Malemba amadana ndi zoterezi. Salimo loyamba limachenjeza za kukhala pamodzi ndi onyoza, ndipo kalata ya kwa Aefeso imaletsa nthabwala zonyansa. Chenjezo limeneli ndi loona ndipo sitingalinyalanyaze. Koma Chichewa chimasiyanitsa bwino kuseka ndi kunyoza. Wonyoza amafuna kuti chinthu chachikulu chichepe kuti iye aoneke wamkulu, pamene woseka angathe kusiya chachikulucho pamalo pake n'kuseka kuchepa kwa iye mwini. Baibulo lomwelo lili ndi kuseka kwa mtundu wachiwiriwu. Sara anaseka atamva kuti adzabala mwana ali nkhalamba, ndipo mwanayo anatchedwa Isake, dzina lomwe pa Chiheberi limanena za kuseka. Bulu wa Balamu anaona mngelo yemwe mbuye wake, munthu wodziwika ndi maulosi, sanamuone. Yona anakwiya chifukwa cha chomera chomwe chinafota, pomwe mzinda wonse wa Nineve unali utangopulumuka. Petro atatuluka m'ndende mozizwitsa, mtsikana Roda anamusiya akugogoda pakhomo chifukwa cha chimwemwe, ndipo omwe anali m'nyumbamo akupemphera anakana kukhulupirira kuti wafika. Olemba nkhanizi sanabise kupusa kwa atumiki a Mulungu, chifukwa ankadziwa kuti ulemerero ndi wa wotuma, wotumidwa ndi dothi chabe.

Kuseka kumathanso kufika pomwe mtsutso walephera. Mu November 1992 Sinodi Yaikulu inavomereza kuti amayi azidzozedwa unsembe, ndipo pa 12 March 1994 amayi 32 oyamba anadzozedwa mu tchalitchi chachikulu cha ku Bristol. Nkhaniyi inagawa mpingo, ena mpaka anatuluka. Mu November chaka chomwecho BBC inayamba kuonetsa The Vicar of Dibley, sewero lomwe Richard Curtis analemba, momwe Dawn French amasewera ngati Geraldine Granger, wansembe wamkazi wotumizidwa ku mudzi womwe unkayembekezera mwamuna. Okonza sewerolo anafunsira nzeru kwa Joy Carroll, mmodzi mwa ansembe achikazi oyambirira, ndipo nyimbo yotsegulira ndi Salimo 23 lomwe Howard Goodall analiika pa maimbidwe a kwaya. Geraldine ndi wokonda chokoleti, wolakalaka banja, wolakwitsa kawirikawiri, koma nkhosa zake amazikonda moona. David Horton, wapampando wa khonsolo ya parishi, amayamba ndi kumukana, kenako amafika pomulemekeza. Munthu angagwirizane ndi kudzoza amayi kapena ayi, koma sangakane kuti sewerolo linathandiza anthu kuona munthu pamene kale ankangoona mkangano. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo: choonadi nthawi zina chimatulukira pakamwa pa yemwe sitimuwerengera, ndipo woseketsa ndi mmodzi wa otero.

Pali chitsutso china cholemera kuposa choyamba chija. Wolemba angakhale ndi cholinga chabwino, koma phwete la oonera salilamulira. Johnny Speight analemba sewero la Till Death Us Do Part, lomwe linayamba mu 1965, pofuna kuyalutsa tsankho kudzera mwa Alf Garnett, bambo wa ku East End ya London wodana ndi anthu akuda ndi obwera onse. Warren Mitchell, amene ankasewera ngati Garnett, anali Myuda wodana ndi tsankho. Komabe oonera ena anamutenga Garnett ngati wowalankhulira, ndipo Mitchell ankasimba kuti ena ankamuyamikira pamsewu chifukwa cha mawu omwewo omwe sewerolo linkafuna kuwachititsa manyazi. Ngati zinatero ndi tsankho, zingalephere bwanji ndi chipembedzo? Chitsutsochi ndikuchivomera mbali yaikulu. Thomas Hobbes analemba mu 1651 kuti munthu amaseka akadziona mwadzidzidzi kuti waposa mnzake, ndipo kuseka kwa mtundu umenewo kulipodi. Koma phunziro la Garnett ndi lakuti mlandu uli pa malo omwe wosekayo waima. Amene amaseka ataima pamwamba amatuluka ali wodzikuza kuposa kale. Amene amaseka akukumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, amatuluka atachepa. Mpeni womwe wapha munthu sutichititsa kutaya mipeni yonse ya m'nyumba, umatiphunzitsa kusamala ndi dzanja lougwira. Choncho woonera naye ali ndi udindo wofufuza mtima wake, monga momwe wolemba alili ndi udindo wosapatsa woipa mawu okoma kuposa a wolungama.

Chitsutso chomaliza ndi cha omwe amati kuseka kumadya chikhulupiriro pang'onopang'ono ngati chiswe. Iwo amaloza kalembera wa 2021, yemwe anapeza kuti ku England ndi Wales anthu odzitcha Akhristu anali 46.2 pa 100 alionse, kutsika kuchoka pa 59.3 mu 2011. Kutsikaku kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo kukusenzetsa masewero a theka la ola n'kupeputsa nkhani. Komabe nkhawayi ili ndi choonadi chake. Wansembe amene nthawi zonse amaoneka wokoma mtima koma wopanda mano, wosatchula tchimo kapena imfa, amaphunzitsa anthu kuti chipembedzo ndi chokongoletsera mudzi basi. Yankho lake linachokera m'masewero momwemo. Rev., lomwe BBC inaonetsa kuyambira 2010 mpaka 2014, limatsata Adam Smallbone, wansembe wa tchalitchi chachikulu koma chopanda anthu kum'mawa kwa London. Tom Hollander amamuonetsa akusuta, akukwiya, akuchita nsanje ndi mipingo yodzaza, koma timamumvanso akupemphera mumtima, mapemphero osakongoletsa a munthu wotopa. Chakumapeto amasenza mtanda m'misewu ya London usiku, ndipo kutacha amakumana pa kaphiri ndi mlendo (wosewera wake ndi Liam Neeson) amene amamudziwa ndi dzina. Oonera omwe akhala akumuseka amapezeka ali chete, chifukwa kuseka kuja n'komwe kunawayandikizitsa kwa iye mpaka ululu wake unakhala wawo.

Mpingo womwe suloleza kuti mtumiki wake asekedwe umakhala pangozi yomuika mtumikiyo pa mpando wa Mulungu, ndipo kumeneko ndiko kupembedza fano. Kumene mbusa sangasekedwe, kawirikawiri sangafunsidwenso za ndalama za chopereka kapena za khalidwe lake, pakuti mantha omwe amatseka pakamwa poseka ndi omwenso amatseka pakamwa pofunsa. Frank Williams sanaone kusemphana pakati pa kolala ya m'sewero ndi mpando wa mu Sinodi, ndipo ndikukhulupirira kuti sanalakwe. Ankatha kuonetsa wansembe wonyanyala pamaso pa anthu miyandamiyanda, Lamulungu n'kukagwada pa guwa kulandira mgonero kuchokera m'manja mwa wansembe weniweni, amenenso anali ndi zofooka zake. Chikhulupiriro chake chinali pa Mulungu amene amagwiritsa ntchito manja oterowo, ndipo chikhulupiriro chotero sichigwedezeka anthu akaseka mwini manjawo.